Mawilo Aakulu a Mbah Sarijo

Sarijo, amene anthu ankamutchula Mbah, kutanthauza agogo, anapalasa bechaki, njinga ya mawilo atatu yonyamula anthu, m'misewu ya mzinda wa Yogya mpaka imvi zinadzaza mutu, ndipo chimene anatolapo pa ntchitoyo ndi ichi: wokhala kutsogolo amangodzinamiza kuti ulendo ndi wake, koma njira amasankha ndi wakumbuyo. Pa bechaki wokwera amakhala pampando patsogolo, wopalasa ali kumsana kwake. Ukafuna kuzemba chitunda umazemba, ukafuna kudzera kumsika kuti uone anzako umadzera, wokwera uja n'kumangoti zikomo.

Choncho madokotala atamudula mwendo wamanzere chifukwa cha shuga, wamanja n'kutsala wotupa ndi chilonda chosapola, ndipo mwana wake Warsiti atayamba kunena zogula chikuku cha olumala, Sarijo anadziwa kumene nkhaniyo ikulowera. Wina akufuna kukhala kumbuyo kwake.

M'nyumbamo anatsala awiri okha. Mkazi wake anamwalira kalekale. Warsiti nayenso sanali mtsikana. Banja lake linatha wopanda mwana, ndipo ankasita zovala za anthu pamalo ena ochapira, kuchoka m'mawa n'kubwera dzuwa litapendeka, dzanja lili pamsana. Anali mkazi wowonda, wosalankhulalankhula. Tiyi wa bambo ake ankawapatsa wopanda shuga, fodya anawabisira, ndipo Sarijo ankati munthu wotha kukubisira fodya akhoza kukubisira china chilichonse.

Kunja kwa nyumbayo Sarijo anatsala ndi munthu mmodzi, Dasuki, amene ankaima naye pamalo amodzi pafupi ndi msika kudikira okwera. Awiriwa ankatukwanana tsiku ndi tsiku ngati anthu odana. Anali ndi mpikisano wawo wakalekale, woti aone amene adzayambe kunyamulidwa ndi anthu ena. Sarijo ali kuchipatala, Dasuki anapita kukamuona, akutsokomola ngati injini yakale.

"Eee, ndiye akuchepetsa, m'bale," anatero Dasuki akuyang'ana pansalu. "Mwendowo akupatsa kuti upite nawo kunyumba?"

"Ndauza kuti akusungire iweyo. Yako iwiriyo palibe chimene inapalasa."

"Waluza basi. Kuchoka pano akunyamula ngati thumba la mpunga."

"Thumba ndi bambo ako. Ndidzabwera kwanu ndekha, ndi manja angawa, ndidzakupeze utagona."

Mawuwo anachita ngati temberero. Pasanapite nthawi Dasuki anagonadi, chifuwa chitamugwetsa. Ankakhala kutsidya kwa msewu waukulu, ulendo woti kale Sarijo akanayenda ndudu isanathe. Uthenga unabwera kudzera mwa Ngatmi, mayi wogulitsa tiyi ndi zokazinga m'kanjira kawo. Akuti uzani nkhalamba yamwano ija ibwere msanga ngati ikufuna kundipeza. Sarijo anabweza yankho lakuti akubwera, koma osati wokankhidwa.

Nyumba yawo inali kumapeto kwa kanjira kopapatiza. Chapakati pake panali nyumba ya Harjono, amene kale ankagwira ntchito mu ofesi ya boma. Sarijo ali m'chipatala, Harjono anakuza khitchini yake, khoma latsopano lamatailosi oterera n'kulowa m'njira. Mbali inayo kunali ngalande ya madzi akuda. Pomwepo panalinso kamtumbira ka simenti kamene anthu anaika kuti njinga zamoto zisamathamange.

Tsiku lopita kusitolo ya zikuku ndi Warsiti, Sarijo anatuluka atakwera kumbuyo kwa njinga yamoto. Podutsa pakhomalo analiponyera diso limodzi n'kunena mumtima kuti apa mpata ulipo wokwanira. Diso lakelo linali litalowetsa bechaki m'tinjira tambiri popanda kukhula khoma.

Sitoloyo inkanunkha mphira ndi mankhwala. Wogulitsa anali mwamuna wonenepa, womwetulira nthawi zonse, ndipo Sarijo sankakhulupirira munthu amene mano ake sapuma. Anawatulutsira chikuku choyamba, chachitsulo, chamawilo aakulu okhala ndi mkombero wogwira ndi manja. Sarijo atakhalamo anakankha kamodzi, n'kupezeka wafika kukhoma lina la sitolo. Anatembenuka, n'kubwerera. Chichokereni kuchipatala aka kanali koyamba kusuntha osapempha munthu.

"Ichi," anatero.

"Tachinyamulani kaye, mayi," wogulitsa anauza Warsiti. "Poti wochikweza m'galimoto ndi pamasitepe mudzakhala inu."

Warsiti anachipinda, nachigwira, nachikweza mpaka m'mawondo. Anachitsitsa msanga, milomo italumana. Anaika dzanja pamsana.

Chachiwiri chinali chopepuka ngati mpando wapulasitiki, chamawilo anayi ang'onoang'ono, mabuleki ali kumbuyo pa zogwirira za wokankha. Warsiti anachinyamula ndi dzanja limodzi, nkhope yake n'kumasuka. Sarijo anayang'ana mbali iyi ndi iyo, kufuna pogwira. Panalibe.

"Ndiye ndikafuna kupita pakhomo ndizitani?"

"Mumangoitana, Mbah."

"Kukakhala kulibe munthu?"

Wogulitsa anamwetulira. Warsiti anapisa m'chikwama n'kutulutsa chingwe chapulasitiki chofiira chokhala ndi mfundo kunsonga.

"Bambo, ndayeza dzulo pakhoma la a Harjono, kuyambira pakhoma mpaka m'mphepete mwa ngalande. Taonani."

Anachitambasula pa chikuku chachitsulo chija, kuchokera ku wilo kukafika ku wilo linzake. Chingwe chinaperewera ndi zala zingapo. Anachitambasula pa chopepuka chija, chinakwana n'kutsalako.

"Wafupikitsa," anatero Sarijo.

"Ndafupikitsa chiyani, bambo?"

"Chingwecho. Mfundo imeneyo wamangira m'nyumba. Ukuyesa ndine mwana? Ine ndadutsa pamenepo m'mawa uno ndi maso anga. Bechaki yathunthu ndinkailowetsa m'tinjira toposa apo iwe usanabadwe."

"Bechaki sinalowepo m'kanjira kathu, bambo. Munkaisiya kumsewu."

"Tamumvani! Mumuone bwino mwana ameneyu, bwana. Akufuna chonyamula iye, osati chokhala ine. Azikandiika padzuwa ngati nsomba zoyanika, akakumbukira azikandichotsa."

Warsiti anakulunga chingwe chake pa chala pang'onopang'ono, maso ali pansi. M'sitolomo munali anthu ena, ndipo onse anapeza chinthu china choyang'ana.

Wogulitsa analowa mkati n'kutuluka ndi chachitatu. Chinali cha chitsulo chopepuka chija, koma chamawilo aakulu, ndipo kuseri kwa mawilo aakuluwo kunabisala tiwilo tiwiri tosagunda pansi. Anadina ndi chala chachikulu pakati pa wilo, n'kulizula ngati chivundikiro cha poto. Anachitanso chimodzimodzi mbali inayo. Chikuku chinakhala pa tiwilo take, chitachepa m'mimba.

"Ichi ndi cha anthu awiri," anatero. "Mukafuna kuyenda nokha, Mbah, mawilo aakulu. Pakachepa njira, kapena pokwera galimoto, mwachotsa, mayiwa akukankhani. Tanyamulani, mayi."

Warsiti ananyamula osalimba mano. Anayezanso ndi chingwe: mawilo ali pomwepo sichinakwane, atachoka chinakwana. Sarijo anakhalamo, nayesa kukhota, nayesa buleki, nagwedeza wilo kuti aone ngati silizuka lokha panjira. Kenako anayang'ana wogulitsa m'maso.

"Akachoka mawilowa, amasunga ndani?"

Wogulitsa anaseka kwambiri, kuyesa nthabwala. Sarijo sanaseke.

Anatenga chimenecho. Galimoto itawatsitsa pakamwa pa kanjira, Sarijo analamula kuti mawilo aikidwe, ndipo Warsiti asagwire. Analowa akudzikankha yekha, mutu uli m'mwamba. Azimayi amene anakhala pamakomo akusadzula ndiwo anamuyamikira. Anafika pakhoma la Harjono, nasendeza chikuku mpaka mkombero unalira pamatailosi. Wilo linalo linali litalendewera kale pamwamba pa ngalande. Anabwerera, nayesanso. Anabwereranso, nayesa mokhotetsa. Zala zake zinakhulika pakhoma mpaka magazi.

Pamapeto pake Warsiti anabwera mwakachetechete. Harjono anatuluka atavala nsalu yake ya m'nyumba, nathandiza kupendeketsa chikuku, mawilo n'kuchoka. Warsiti anaponda kachitsulo kakumbuyo, tiwilo takutsogolo n'kudzuka, chikuku n'kudumpha kamtumbira kaja. Mawilo aakulu anabwera pambuyo m'manja mwa Harjono.

"Lero wa bechaki wakwera bechaki!" anafuula Ngatmi ali pa chiwaya chake. "Warsiti, mudzere naye kumsika, mmene ankachitira ndi ife!"

Kanjira konse kanaseka. Sikunali kuseka kwa nkhanza, koma kwa munthu wokhala pampando kuseka konse kumamveka chimodzimodzi.

"Pepani, Mbah," anatero Harjono atawerama mwaulemu. "Mwina amisiri aja analowetsa khomali pang'ono. Tidzaona chochita."

Aliyense wobadwira kuno amadziwa kuti munthu waulemu akati tidzaona ndiye kuti wakana. Sarijo ankadziwanso. Komabe anawagwira mawuwo, poti anamupatsa chodikira.

Kuyambira tsiku limenelo mawilo sanachokenso. Warsiti ankawapukuta ndi kansalu konyowa pakhomo, chifukwa pansi pa m'nyumbamo ndi pamene ankayala mkeka wake wopempherera. Akamapukuta, Sarijo ankayang'anitsitsa chala chake chachikulu kuti chisayandikire pakati pa wilo.

"Bambo, lero ndaweruka msanga," ankatero masiku ena. "Tiyeni kwa a Dasuki. Ndikukankhani pakhoma pokhapo. Tikadutsa ndibwezera mawilo, kwinako muyenda nokha."

"Kuti Ngatmi akamuuze kuti ndatuluka m'manja mwa mkazi? Khoma ligwe kaye."

"Siligwa, bambo."

"Ukudziwa bwanji? Munapangana?"

Warsiti ankapita kukatereka mpunga.

M'mawa uliwonse mwana wake akachoka, Sarijo ankadzikankha mpaka pakhomalo n'kuima. Kuchokera pamenepo msewu waukulu unkaoneka ngati kudzera pa chitseko chosatsekedwa bwino: njinga yamoto, theka la basi, mutu wa munthu, kenako palibe. Pakhonde la Harjono panapachikidwa njiwa m'khola lansungwi, imene inkalira tsiku lonse. Anthu ankamudutsa chammbali n'kumupatsa moni, iye n'kuyankha ndi mphuno. Patapita nthawi anazolowera kumuona pamenepo monga anazolowerera kamtumbira kaja, ndipo moni unachepa. Ngatmi anabweretsanso uthenga, akuti Dasuki wasiya kudya, akungomwa madzi a mpunga. Sarijo anati amuuze asathamange.

Tsiku lina m'mawa, tiyi wosakoma uja ali m'manja, chimkuzamawu cha pamzikiti chinakhosomola. Sinali nthawi ya swala. Mawu a mwamuna anayamba ndi pemphero lija limene aliyense amadziwa tanthauzo lake, kenako anatchula dzina. Dasuki, wa bechaki. Maliro aikidwa lero lomwe, ikatha swala ya masana.

Sarijo anaika kapu pansi. Anakhala nthawi yaitali akuyang'ana pakhomo. Kenako anakoka malaya ake abwino pa msomali, navala chipewa chakuda, nakulunga nsalu bwinobwino pamalo pamene panali mwendo. Zimenezi zinamutengera m'mawa wonse. Warsiti anali kuntchito.

Atafika pakhoma kanjira kanali zii. Amuna ena anali kuntchito, ena anali atapita kale kumaliro. Chiwaya cha Ngatmi chinali chovundikira. Sarijo anamanga mabuleki, natsamira phewa pakhoma, nadzipendeketsa mpaka wilo limodzi linadzuka pang'ono. Anadina pakati. Wilo linazuka mosavuta, mosavuta kwambiri moti zinamupsetsa mtima. Linzake linamuvuta, anatsala pang'ono kugwera m'ngalande, koma nalonso linachoka. Anaika mawilo onse awiri pamiyendo, nawakumbatira ndi dzanja limodzi. Ndi dzanja linalo anayamba kudzikoka pakhoma.

Matailosi ankaterera ndi thukuta la m'manja mwake, koma chikuku chinali chopepukadi, chinkasendera. Chinalowa pakati pa khoma ndi ngalande ngati chinapangidwira pomwepo, mpata n'kutsala wa zala ziwiri. Sarijo anauona mpatawo. Anakumbukira chingwe chofiira, n'kulavula m'ngalande.

Tiwilo takutsogolo tinagunda kamtumbira n'kuima. Anakoka, tinakana. Anayesa kuponda pansi ndi mwendo wotupa uja, ululu unakwera mpaka m'mano. Anayesa kubwerera kuti abwere ndi liwiro, koma kawilo kena kakumbuyo kanali katalowa pamng'alu wa simenti. Kubwezera mawilo aakulu sikukanatheka, malo ake panalibe. Chimene chinkafunika chinali chaching'ono: phazi limodzi la munthu pa kachitsulo kakumbuyo.

M'nyumba ya Harjono munkamveka wailesi ya kanema. Sarijo anamvetsera kwa nthawi, dzuwa likumuwotcha pachipewa. Mzikiti unaitana swala ya masana, n'kukhala chete.

"Odi kuno," anatero pamapeto pake, ndi mawu amene ngakhale iye mwini sanawamve bwino. Anakonza kukhosi. "Kuli anthu?"

Inayankha ndi njiwa.

Kenako anamva mawu a amuna ambiri akubwera chapansipansi, akutchula dzina la Mulungu mobwerezabwereza. Njira ya kumanda imadutsa pakamwa pa kanjira kawo. Pampata uja panadutsa munthu wonyamula maluwa, kenako zipewa zakuda, kenako chithatha chofundidwa nsalu yobiriwira chili pamapewa a anthu, ambulera ili kumutu. Chinatenga nthawi yochepa kuposa imene basi imatenga podutsa. Panadutsanso mitu ina, nkhalamba zina zimene ankazidziwa, palibe amene anacheukira m'kanjira. Kenako njinga zamoto zinayambanso.

"Wayamba ndiwe kunyamulidwa," anatero Sarijo. "Waluza, galu iwe."

Panalibe womubwezera. Anakhala choncho, mawilo ali pachifuwa, fumbi la matayala likudetsa malaya ake abwino.

Warsiti anatulukira pampata uja akuthamanga pang'ono, mpango utapotoka, akadanunkha nthunzi ya simbi. Anamva za maliro mochedwa, chifukwa kumene amagwirako makina amasokosa. Ataona bambo ake anaima. Anayang'ana mawilo, anayang'ana zala zokhulika, anayang'ana kamtumbira.

Kuti afike kumbuyo kwa chikuku panalibe podutsa. Anakweza nsalu yake n'kutsikira m'ngalande, madzi akuda n'kumufika m'akakolo, nazungulira, nakwera. Anazula kawilo pamng'alu, naponda kachitsulo, chikuku n'kudumpha. Atangodutsa khoma anaima, natenga mawilo m'manja mwa bambo ake limodzilimodzi, nawalowetsa mpaka analira kuti tswa. Kenako anachotsa manja ake n'kuwaika kumbuyo.

Sarijo anatulukira mumsewu waukulu yekha. Unali waphokoso kuposa mmene ankaukumbukira. Patsidya, pamtengo wa magetsi, panali kambendera koyera kosonyeza nyumba ya maliro. Iye anakhotera kumanda. Ankakumana ndi anthu amene anali akubwerako kale, dothi lili ku nsapato. Ena anamugwira dzanja, wina anati mwachedwa, Mbah, malemuwo ankakufunsani. Sarijo sanaime. Kumbuyo kwake ankamva patapata wonyowa wa Warsiti akulira pa phula.

Kufupi ndi manda msewu umakwera. Kale chitunda chimenechi ankachizemba akakhala ndi wokwera wonenepa. Anakankha mpaka pakati, mphamvu n'kumuthera. Anagwira mikombero mwamphamvu kuti asabwerere chambuyo. Patapata uja anasiya kulira. Anadikira kuti amve chikuku chikugwidwa, koma sichinagwidwe.

"Waima chiyani?" anatero osatembenuka. "Kankha."

Manja anagwira. Kulemera konse kunachoka m'mapewa mwake. Pamwamba pa chitunda njira inagawika, ina yachidule yamiyala, ina yozungulira yosalala, ndipo zonse zinkafika pamene panali dothi latsopano ndi maluwa, popanda munthu. Chikuku chinaima.

"Tidzere iti, bambo?"

Sarijo anayang'ana njira ziwirizo. Zaka zonse zimene anakhala kumsana kwa anthu, funso limenelo sanafunsepo aliyense. Anafuna kupeza chinyengo chimene chinabisala m'menemo, koma anali atatopa.

"Yosalalayo," anatero. "Msana wakowo."

Atafika, Warsiti anamanga mabuleki n'kukaima patali pansi pa mtengo, akupukuta phazi lake pa udzu. Sarijo anatsala ndi mulu wa dothi. Anali atasunga zotukwana zambiri za tsiku limeneli, koma zonse zinkafuna munthu woyankha.